Shoo Yomaliza ya a Mwale a ku Finland

Ntchito yanga yoyamba inabwera pa wilibala. Inali ampu, chipangizo chopatsa mphamvu masipika, yaikulu yakuda yonunkha utsi, ndipo amene ankaikankha anali bambo ena aafupi a kamimba kawo, atavala malaya a maluwamaluwa. Masiku amenewo ndinkakhalira pa benchi ya bambo anga pamsika wa ku Area 23, pomwe ankakonzerapo mawailesi ndi ma TV. Sukulu ndinali nditamaliza, ntchito kunalibe, ndipo kukhala pakhomo n'kumamvera mayi akunditchulira mayina a anzanga okwatiwa kunali kutandikwana. Tsiku limenelo bambo anali atapita ku Kanengo kukasaka zipangizo zakale, choncho pa benchipo ndinali ndekha.

"Abambo ali kuti?" anafunsa eni wilibala aja.

"Atalikira pang'ono. Yatani ampuyo?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndiwadikira."

Anadikiradi, mpaka njala inawatuma ku chiwaya. Atangokhota pakona, ndinatenga sikuludiraiva n'kutsegula ampu ija. Matenda ake sanali obisika. Wina wanzeru zake anali atachotsa fyuzi n'kukulungapo kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu, ndiye moto utachuluka panalibe choutchinga, unangopita kukapsereza mathiransisita awiri. Ndinawayeza ndi mita, ndinazula ena pa ampu yakufa imene inkagona pansi pa benchi, ndinawotcherera, ndinapaka mafuta oyera aja oziziritsa, n'kuika fyuzi yeniyeni. Bambo aja pobwera akutokosa m'mano, anapeza ampu yawo ikuimba.

Anali a Chisale, eni ake a bandi ina ya ku Biwi, amenenso ankaimba gitala ya besi. Sanapepese, si anthu opepesa a Chisale. Anangoti, "Iwe, Loweruka uli ndi zochita?"

Mayi anakana kwamtuwagalu. Mwana wamkazi m'bandi, kumayenda pa lole ndi amuna okhaokha, anthu a kumpingo adzati chiyani? Bambo anangoti, "Dzanja la mwanayu ndi lokhazikika kuposa langa. Musiyeni akaone." Umo ndi mmene ine Tadala ndinakhalira wa zokuzira mawu, ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri.

Bandi inkayeserera kuseri kwa galaja ina ku Biwi, mu shedi ya malata imene m'makoma mwake anakhomamo matileyi a mazira kuti phokoso lisamabwerere. Tsiku loyamba ndinaima pakhomo n'kuganiza kuti ndasochera. Pa kreti ya mabotolo panali patakhala mzungu wachikulire, wamtali ndiponso wathupi, tsitsi lotuwa lofika m'mapewa, mikono yonse yolembedwa zithunzi za mbalame ndi njoka. Ankamwa tiyi wa jinja wa m'fulasiki, osalankhula ndi munthu.

"Awa ndi a Mwale," anatero a Chisale. "Woimba wathu. A ku Finland."

Dzina lawo lenileni linali lalitali, lopinda lilime, ndipo anyamata a bandi atalimbana nalo sabata yathunthu, a Chisale anangowapatsa mfunda. Eni ake anaulandira ndi manja awiri. Ukawaitana ndi dzina la kwawo ankachedwa kutembenuka.

Mbiri yawo sindinaimve tsiku limodzi. A Mwale ankalankhula ngati mpopi wa kwathu ku Area 23, lero madontho, mawa kouma. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka, Chingelezi changa cha Fomu 4, koma tinkamvana. Anabadwira m'tauni yaing'ono yozizira kumene pafupifupi aliyense ankagwira ntchito pa fakitale ya mapepala. Bambo awo ankafuna kuti nawonso alowe m'fakitalemo. Mayi awo ankawakokera ku kwaya ya kutchalitchi, ndipo anaimbamo ndithu mpaka mawu atayamba kukula. Kenaka anasankha njira yachitatu. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri anayambitsa bandi ya nyimbo za roko ndi anzawo atatu m'chipinda chosungiramo nkhuni, ndipo patapita zaka zochepa mawu awo anali pa wailesi m'dziko lawo lonse. Anandionetsapo chithunzi pafoni: mnyamata woonda wopanda malaya atagwira maiki, kutsogolo kwake anthu osaoneka polekezera. Ndinayang'ana chithunzicho, ndinayang'ana madala amene anali pa kreti akukanda polumidwa ndi udzudzu, ndipo ndinaseka mpaka misozi.

"Inde," anatero osamwetulira n'komwe. "Ameneyu ndinamudya."

Zaka zoposa makumi awiri anazithera m'basi ya bandi, tauni ndi tauni, dzuwa ndi chisanu. Kenaka mowa unalowa m'bandimo n'kukhala mtsogoleri. Bandi inatha, banja loyamba linatha. Atasiya mowa anakwatira mayi wina wodziwa za mijigo ndi mapaipi a madzi, ndipo mayiyo atapeza ntchito ya zaka zingapo kuno ku Lilongwe, iwo anangotsatira. Tsiku lina anabweretsa galimoto ku galaja ya ku Biwi ija kuti akonze mabuleki, anamva besi ya a Chisale ikugunda kuseri, ndipo analowa kukasuzumira. Galimoto inakonzedwa tsiku lomwelo, koma mwini wake sanasiyenso kubwera.

Ntchito ndinaiphunzira kwa anthu awiriwa, wina wokalipa, wina wachete. A Chisale anandiphunzitsa kupakira lole: masipika aakulu a besi kutsogolo pafupi ndi kabini, jenereta kumbuyo kwenikweni kuti mafuta asadonthere ng'oma, mikisa, bokosi la mabatani osakanizira mawu, pamiyendo panga osati pansi, ngakhale msewu ukhale wa phula. Anandiphunzitsa kuti ampu imayatsidwa pomalizira ndipo imazimitsidwa poyambirira, apo ayi masipika amaphulika. Ndikalakwa ankakuwa kuti Biwi yense amve, kenaka n'kundigulira chakumwa chozizira ngati si iwo.

A Mwale sankakuwa. Akapeza nthambo ya maiki nditaikulunga pachigongono, ankaimasula yonse mwakachetechete n'kuyamba kuikulunga okha, mkombero wina chopita, wina chobwerera, kuti isapotokole m'kati. Ankachita zimenezi ine ndikuona, tsiku ndi tsiku, mpaka manyazi anandiphunzitsa. Anandionetsa kumata mawaya pansi ndi tepi yakuda kuti woimba asakodwe. Anandionetsa kukweza maiki pang'onopang'ono mpaka itayamba kulira kuti tswii, kupeza kabatani ka mawu olirawo pa mikisa, kukatsitsa, n'kukwezanso maiki ija. Khutu lawo lakumanzere linafa kalekale chifukwa choima pafupi ndi ng'oma, ndiye monita, kasipika kamene woimba amadzimvererapo, ndinkakaika kumanja nthawi zonse. Ankanditchula kuti Injiniya. Anali munthu woyamba kunditchula dzina la ntchito popanda kuseka.

Zaka ziwiri zimenezo ndimazisowa, sindinama. Tinkaimba Loweruka ndi Lamulungu masana, m'mabwalo a mpira, m'maholo a sukulu, ku Kawale, ku Mgona, ku Nsungwi. Anthu poyamba ankabwera kudzaseka mzungu wobangula. Koma a Mwale akatsegula pakamwa, mawu okhakhala aja akakwera pamwamba pa besi ya a Chisale ndi ng'oma zakwathu, kuseka kunkatha. Amayi ogulitsa mandasi ankasiya mabeseni n'kulowa m'bwalo. Ku Mgona kunali gogo wina amene ankangokuwa kuti "Mwale! Mwale wee!" kuyambira nyimbo yoyamba, ndipo pamapeto ankawapatsa mtedza wokazinga m'kapepala. Pobwerera tinkakhala pamwamba pa masipika, fumbi lili mbuu m'tsitsi, tikukukuta chimanga chowotcha, a Chisale akutitukwana mmodzimmodzi chifukwa cha zolakwa za tsikulo. Ndinali wosangalala, koma nthawi imeneyo sindinkadziwa.

Tsiku lina ndikuwotcherera pulagi ya maiki yawo, a Mwale anandiuza za shoo yawo yomaliza ya ku Finland. Anakwera pa siteji ataledzera. Pakati pa nyimbo yachitatu mawu a nyimbo anawathawa m'mutu. Anaima, anthu akuwadikira, ndipo iwo anaika maiki pansi n'kutulukira khomo lakumbuyo. Mayi awo okalamba anali m'holomo. Aka kanali koyamba kubwera ku shoo ya mwana wawo, ndipo chaka chisanathe anamwalira.

"Zaka khumi ndi zisanu, Injiniya," anatero. "Nyimbo ija ikadali pakati."

Ndiye mutha kuona kulemera kwa nkhani imene inatigwera m'chaka changa chachiwiri. Mawu a a Mwale anayamba kusasa, jinja osathandiza, uchi osathandiza. Madokotala anapeza chotupa pakhosi. Anati apite kwawo akachitidwe opaleshoni, ndipo anawauza mosabisa kuti pambuyo pake kulankhula mwina adzalankhula, koma kuimba aiwale. Ulendo unali wa Lolemba. A Mwale anapempha chinthu chimodzi chokha: shoo imodzi yomaliza, Loweruka masana, pabwalo la mpira ku Chinsapo kumene anthu ankawakonda kwambiri, aimbe kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, atsazike ngati munthu. Anandipatsa kachipangizo kojambulira mawu kuti ndikalumikize ku mikisa.

"Ichi ndizidzamvera ndikadzakhala chete," anatero.

Sabata imeneyo ndinayeza nthambo zonse ndi mita imodziimodzi. Ndinatsuka mabatani a mikisa, ndinasintha mafuta a jenereta, ndinagula mafyuzi ena apadera. Ndinkafuna kuti shoo imeneyi ikhale yopanda banga, ndipo kufuna kumeneko ndi kumene kunandigwetsa.

Loweruka m'mawa tinatsogola ndi lole, ine, dalaivala wathu a Yusufu, ndi anyamata a bandi. A Chisale anapita kukatenga a Mwale. Kunali kutentha kwa Okutobala, kuja kotuluka thukuta ungosamba kumene. A Yusufu anazemba chipwirikiti cha pamsika n'kulowera njira yakumbuyo. Tili pafupi kufika pabwalo, ndinaona amayi anayi kapena asanu, zitenje, mipango kumutu, wina atasenza nkhuni, wina ndowa, wina poto wamkulu, onse akulowera mbali imodzi, osacheza, osaseka.

Palibe mwana wokulira m'makomboni a Lilongwe amene sadziwa tanthauzo la zimenezo. A Yusufu nawonso anachepetsa liwiro.

"Sisi, kunoku kuli bwino ngati?"

"Ndi chinkhoswe chimenecho," ndinatero. "Tiyeni, nthawi yatha."

Amayi opita ku chinkhoswe sayenda mutu uli pansi. Amati safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa safunsa, chifukwa yankho ndinkalidziwa ndipo ndinkaliopa. Ndinaganiza kuti ndikapanda kufunsa, mwina nkhaniyo ikhala yakutali, kutsidya kwa msika.

Tinatsitsa katundu. Tinayala matabwa a siteji, tinaimika masipika mbali ziwiri, ndinayala nthambo n'kuzimata, monita kumanja. Ndinaliza jenereta, ndinayatsa mikisa, ampu pomalizira monga mwa lamulo. Ndinaika nyimbo yovinitsa yoyesera masipika n'kukankha batani mpaka pamwamba, besi inagwedeza malata a nyumba zapafupi. Ndipo ngati zimenezo zinali zosakwanira, ndinatenga maiki n'kukuwa.

"Wani, thuu! Wani, thuu! Chinsapo muli bhoo?"

Yankho linabwera wapansi. Kuseri kwa mpanda wa njerwa kunatuluka amuna pafupifupi khumi. Patsogolo panali bambo wamtali atavala jekete m'dzuwa lonse lija, maso ali psuu. Mmodzi anapita molunjika ku jenereta n'kuizimitsa ampu ikadali yoyaka, masipika anati phuu. Ndipo m'kachetechete amene anatsatira ndinamva chimene ndinkathawa kumva. Amayi ankalira, pafupi penipeni, nyumba yachitatu kuchokera pa golo.

Bambo wa jekete uja sanakweze mawu. "Mwana iwe, kwanu kulibe maliro? Masamba pamsewu simunawaone?"

Masamba anali kumsewu wakutsogolo, ife tinadzera kumbuyo. Zinali zoona, koma amayi a nkhuni aja ndinali nditawaona ndi maso anga. Amuna aja anazula nthambo zonse pa mikisa, mmodzi anainyamula pamutu.

"Akuluakulu ako akabwera, akatipeze kusiwa."

Womwalirayo anali mkulu wake wa bambo wa jeketeyo, kalipentala wodziwika m'deralo. Anamwalira m'bandakucha kuchipatala, ndipo thupi linali likadali ku mochale.

A Chisale atafika ndi a Mwale, ndinadikira kukuwa. Sikunabwere, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kutukwana kwawo konse. Anayenda uku ndi uku foni ili kukhutu, kenaka anabwera n'kunena kuti holo ya sukulu ina ku Area 36 ilibe anthu. Tikapeza mikisa msanga n'kunyamuka isanakwane 2 koloko, shoo itheka, anthu auzana okha pa mafoni.

"Koma mikisayo," anatero akuyang'ana kumbali, "akapepese ndi amene waitayitsa."

Ndinali mu jinzi ndi sikipa ya bandi. Mayi wina wogulitsa tomato m'mphepete mwa bwalo, amene anaona zonse, anamasula chitenje chake chapamwamba n'kundipatsa pamodzi ndi mpango. "Valani achemwali, musakawonjezere mlandu."

Ndikumanga chitenjecho, a Mwale anandifunsa chimene chachitika. Ndinawauza zonse, ndi za amayi a nkhuni zomwe, ndi bodza langa la chinkhoswe. Kenaka anamanga tsitsi lawo kumbuyo, anavula chipewa, anatsitsa manja a malaya kubisa mbalame ndi njoka zija, n'kunditsatira.

Pakhomo pa maliro amuna anali atakhala panja, ena pa mabenchi, ena pa njerwa. A Chisale ndi a Mwale anapita kumeneko. Ine ndinavula nsapato n'kulowa m'nyumba chogwada. Mipando yonse anali atatulutsa. Namfedwa anali pa mphasa atatsamira khoma, amayi awiri atamugwira uku ndi uku. Anali mayi wa msinkhu wa mayi anga.

"Amayi, phokoso lija ndachita ndine," ndinatero. "Ndinawaona amayi akubwera ndi nkhuni, ndinadziwa, koma sindinafunse. Pepani."

Anakweza maso. "Unadziwa?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye bwanji?"

Ndinawafotokozera za a Mwale, za pakhosi, za ulendo wa Lolemba. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Wakoyo akupita Lolemba ndi miyendo yake," anatero. "Wanga wapita lero. Khala apo."

Ndinakhala pakati pa amayi amene sindinkawadziwa, ndipo ndinalira. Ndinalira manyazi, ndinalira kalipentala amene sindinamuonepo, ndinalira a Mwale. Palibe anandifunsa kuti ukulira chiyani.

Patapita ngati ola anandiitana panja. A Chisale anali atalankhula ndi akuluakulu, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti anagwada pa fumbi. Mikisa inali pa mpando, yabwinobwino, wina ataifunditsa kansalu kuopa dzuwa. Bambo wa jekete uja anati nkhani yatha, mwana walakwa ndipo wavomera, tengani katundu wanu. A Chisale anandinong'oneza kuti, "Nthawi ilipo. Kawadzutse madalawo tizipita."

A Mwale anali pa njerwa pakati pa amuna, mawondo ali m'mwamba, ali duu. Kukhala chete pamaliro ena kumawavuta, koma iwo anali ngati anabadwira pomwepo. Anandikodola ndi chala, ndinagwada pambali pawo, kumanja.

"Injiniya, undiuze zoona. Kwanu kuno, munthu wolakwa chonchi amanyamuka tsopano?"

Ndinadziwa kuti chilichonse chimene ndinganene akhulupirira. A Chisale ankandiyang'ana. Ndikanati inde, mu ola limodzi tikanakhala ku Area 36, maiki ili m'manja mwawo, kachipangizo kaja kakujambula. Palibe akanatiimba mlandu. Koma tsiku limenelo ndinali nditanama kale kamodzi, ndipo malipiro ake ndinali nditawaona.

"Atikhululukira, palibe atigwire," ndinatero. "Koma wopepesa zenizeni amadikira thupi lifike."

"Lifika nthawi yanji?"

"Akuti 3 koloko. Ndiye kuti cha m'ma 5."

"Ndiye shoo palibe."

"Palibe."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akuyang'ana nyerere pansi. "Tikhala."

Ndinamva ngati ndawabaya ndi dzanja langa. A Chisale anapita kuseri kwa nyumba, ndipo pobwera maso awo anali ofiira. Anatuma anyamata a bandi kukathandiza kuimika tenti, a Yusufu anawatuma ndi lole kukatenga mabenchi kutchalitchi. Ine amayi anandipatsa ndowa, ndinatunga madzi mpaka khosi linauma. Anthu amene anabwera kudzaonera shoo ankafika pabwalo, kumva nkhani, ena kubwerera, ena kuvula zipewa n'kudzakhala nafe.

Thupi linafika itadutsa 4 koloko. Kulira kunabuka, ndipo amayi a mpingo, atavala mabulauzi oyera, anaima mizere iwiri n'kuyamba nyimbo pamene bokosi linkalowa m'nyumba. Anaimba yoyamba, yachiwiri. Yachitatu inali yodekha, ya m'buku la nyimbo, ija timaimba pamaliro onse osaiganizira n'komwe. Ndinali pakhonde. Pansi pa mawu a amayi ndinamva mawu ena akuluakulu, okhakhala, ochokera kumbali ya amuna, akutsata nyimbo yomweyo koma m'chilankhulo chimene panalibe wochidziwa. Mawu amenewo ndikanawazindikira ngakhale pakati pa msika. Anali a Mwale, akadali pa njerwa, maso atatseka. Kunapezeka kuti nyimboyo amaimbanso kutchalitchi cha kwawo, ndipo anaiphunzira ali mwana m'kwaya ya mayi awo ija.

Amayi ena anatembenuka, nyimbo inagwedera pang'ono. Kenaka m'nyumba munatuluka mayi wina n'kunong'oneza wotsogolera nyimbo. Namfedwa anati, auzeni aimirire, akweze.

A Mwale anaimirira. Panalibe maiki, panalibe monita. Anapendeketsa mutu kuti khutu lakumanja liloze kwa amayi aja, n'kutsegula pakamwa. Ndawamvapo a Mwale m'masipika aakulu kwa zaka ziwiri, koma mawu awo ndinawamva tsiku limenelo. Zala zanga zinkangoyenda pa chitenje, kufunafuna mabatani amene panalibe.

Pa ndime yachitatu mawu anaduka. Pakamwa panali potsegula koma pankatuluka mpweya wokha. Anagwira pakhosi. Mumtima ndinati Mulungu wanga, nyimbo yathera pakatinso. Wotsogolera nyimbo uja, mayi wonenepa wa magalasi amene sankadziwa kanthu za Finland kapena za zaka khumi ndi zisanu, anakweza dzanja. Amayi sanapitirire. Anabwereza mzere womwewo chapansipansi, n'kuubwerezanso, akuwayang'ana, monga amachitira mnzawo akatsamwa ndi misozi. A Mwale anatsokomola, anameza malovu, ndipo analowanso. Mawu anali ong'ambika, koma anayenda nawo ndime yachitatu, yachinayi, mpaka Ameni. Bambo wa jekete uja anali ataphimba nkhope ndi manja.

A Mwale anakhalanso pa njerwa yawo. Kachipangizo kojambulira kanali m'chikwama changa, ndipo sindinakakhudze n'komwe.

Titatsazika, dzuwa likadalipo, tinayenda kubwerera pabwalo kukapakira katundu. Ndinawauza kuti pepani, ndakuwonongerani shoo, ndipo palibe chimene ndajambula. Mawu anali atawathera, ndinachita kusendeza khutu.

"Yatha, Injiniya," ananong'ona. "Mpaka kumapeto."

Lolemba tinawaperekeza ku bwalo la ndege, bandi yonse pa lole ya a Yusufu. Opaleshoni inayenda bwino, koma madokotala sananame, sanaimbenso. Tinkalemberana pafoni mwa apo ndi apo, iwo mawu atatu, ine makumi atatu. Bandi ya ku Biwi inakhalapo zaka zina pang'ono n'kutha, ndipo mu shedi muja tsopano amasungiramo matayala.

Lero ndili ndi zipangizo zangazanga ku Nsungwi, ndimakuza mawu m'maukwati, m'misonkhano ndi m'maliro momwe. Ndikafika pamalo, katundu satsika pa lole ndisanazungulire wapansi nyumba zonse zoyandikana, kupereka moni ndi kufunsa kuti kuno kwadzuka bwanji. Anyamata anga amadandaula kuti ndimataya nthawi. Kawiri konse ndabwerera ndi katundu osatsitsa, ndipo kasitomala wina mpaka lero sandipatsa moni. Ndimawauza kuti kukweza mawu aliyense angathe, batani ndi lomwelo. Ntchito yathu imayambira pa kumva zimene zikumveka kale pamalopo, makamaka zimene sukufuna kumva.

Chaka chatha akazi awo a a Mwale anandilembera kuti madala atisiya, mwamtendere, kunyumba kwawo. Anati anthu a wailesi kumeneko akukonza pulogalamu ya moyo wawo, nyimbo zonse zakale ali nazo, koma amva kuti anaimba komaliza ku Malawi. Ankafunsa ngati ndili ndi kalikonse kojambulidwa.

Ndinawayankha kuti palibe. Ndinati akaifunitsitsa nyimboyo abwere, ndikawaperekeza ku Chinsapo kwa mkazi wa malemu kalipentala. Mayi aja akadalipo, ndipo nthawi zonse ndikapita kukawaona amandifunsa kuti, "Nanga a Mwale aja amene anaimbira amuna anga, ali bwanji?" Chimvereni za imfa yawo sindinapitebe, ndikusowa poyambira.